Buku limodzi la kampani yonse: kumene ERP idachokera ndi chimene chimavuta poikhazikitsa

M'kampani yaikulu muli funso lina looneka lachibwana, koma limene limakanganitsa anthu aulemu wawo pa msonkhano wa Lolemba m'mawa: kodi katundu watsala wochuluka bwanji? Tiyerekeze kuti ndi kampani yogulitsa feteleza. Woyang'anira nyumba yosungira katundu watsegula khadi lake, akuti matumba alipo 400. A kogulitsa akuti ayi, ndi 250, chifukwa enawo tidalonjeza kale kalabu ya alimi ku Mchinji. A ku akawunti akuti ndi 520, poti lole imene idanyamula katundu Lachinayi mapepala ake sanafike pa tebulo pawo. Pa atatuwa palibe akunama. Aliyense akuwerenga m'buku lake, ndipo buku lililonse lidalembedwa pa nthawi yake ndi munthu wake. Koma bwana wamkulu akufuna adziwe lero lomwe ngati aitanitse katundu wina ku Beira kapena adikire, ndipo nambala zitatu sizingamuthandize.

ERP, imene dzina lake lonse ndi Enterprise Resource Planning, ndi pulogalamu ya pakompyuta imene idapangidwa kuti mkangano wotere usamakhalepo. Mfundo yake ndi imodzi: bungwe lonse lilembe m'buku limodzi. Ogula katundu, osunga katundu, ogulitsa, a fakitale, a malipiro a antchito ndi a akawunti, aliyense ali ndi chigawo chake cha pulogalamuyo, koma zonse zimene akulemba zikugwera m'nkhokwe imodzi. Lole ikatuluka pa geti ndipo kalaliki walemba kuti yatuluka, nthawi yomweyo matumba atsika kosungira katundu, ngongole ya kasitomala yakwera, ndipo wa ku akawunti akuona zimenezi popanda kudikira mesenjala.

Kumva chonchi zikuoneka zophweka. Nanga bwanji makampani olemera kwambiri pa dziko lapansi, okhala ndi akatswiri a mtundu uliwonse, akhala akupsa nazo zala? Ndikuona kuti yankho lake lili apa: kugula pulogalamuyi ndi gawo laling'ono la ntchito. Ntchito yeniyeni ndi kukakamiza anthu mazanamazana, amene akhala akugwira ntchito aliyense m'njira yake, kuti agwirizane njira imodzi, mayina amodzi a zinthu, komanso za amene ali ndi mphamvu yovomereza chiyani. Kompyuta singawagwirizanitse. Imangoonetsa poyera pamene sanagwirizane.

Zidayambira ku mabawuti

Nkhaniyi idayambira m'mafakitale a ku America m'zaka za m'ma 1960, ndipo poyamba sinali ya ndalama, inali ya zitsulo ndi mabawuti. Kale fakitale inkaitanitsa zipangizo poyang'ana shelefu: zikatsika kufika pa mlingo wakutiwakuti, itanitsani zina. Njira imeneyi inkasiya fakitale ndi milu ya zinthu zosafunika msanga, pamene chinthu chimodzi chaching'ono chofunika lero chatha ndipo makina onse aima.

Anthu ngati Joseph Orlicky, injiniya amene adagwira ntchito ku kampani ya makompyuta ya IBM, adaona kuti palibe chifukwa cholosera kuchuluka kwa mabawuti, chifukwa kuchuluka kwake kumachokera pa chinthu chimene ukufuna kupanga. Ngati fakitale ikufuna kutulutsa njinga 500 mu June, ndiye kuti pafunika matayala 1,000 ndi matcheni 500. Ngati matayala 300 alipo kale, ofunika kugula ndi 700. Ngati matayala amatenga masabata asanu ndi limodzi kuti afike, oda ichoke mu April. Masamu ake ndi a ku pulayimale, koma chinthu chikakhala ndi tizigawo masauzande, ndipo kasitomala wasintha oda yake dzulo, palibe gulu la makalaliki limene lingawerenge zonsezo n'kumaliza nthawi ikadalipo. Kompyuta idatha. Njirayi idatchedwa MRP (Material Requirements Planning, kuwerengeratu zipangizo zofunika), kampani ya Black & Decker idali m'gulu la oyamba kuigwiritsa ntchito mu 1964, ndipo Orlicky adailemba m'buku limene lidatuluka mu 1975.

Posakhalitsa anthu adaona kuti kudziwa zipangizo zokha sikukwanira. Kodi makina ali ndi maola okwanira? Antchito alipo? Ndalama zogulira zilipo? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Oliver Wight ndi anzake adakulitsa njirayi kuti iphatikize zonsezi, n'kuitcha MRP II. Apa m'pamene fakitale ndi ofesi ya akawunti zidayamba kulankhulana kudzera m'makina.

Ku Germany nako kudali kukuchitika zina. Mu 1972 anthu asanu amene adasiya ntchito ku IBM, mwa iwo Hasso Plattner ndi Dietmar Hopp, adayambitsa kampani ya SAP. Nthawi imeneyo kampani iliyonse inkalembetsa pulogalamu yakeyake, ndipo zolembedwa za tsiku lonse zinkasonkhanitsidwa kuti kompyuta iziwerenge usiku, zotsatira zioneke mawa. Asanuwa adabetcha pa zinthu ziwiri. Choyamba, kuti makampani amafanana kwambiri kuposa mmene eni ake amaganizira, choncho pulogalamu imodzi ingagulitsidwe kwa ambiri. Chachiwiri, kuti munthu akalemba kanthu zotsatira zake zizioneka pomwepo. Kasitomala wawo woyamba idali fakitale ya kampani ya ICI ku Östringen, ku Germany komweko. Mu 1979 adatulutsa pulogalamu ya R/2 ya makompyuta akuluakulu odzaza chipinda, ndipo mu 1992 adatulutsa R/3 imene inkayenda pa maseva otsikirapo mtengo olumikizidwa ku makompyuta a pa tebulo. Dzina loti ERP lidachokera ku kampani ya kafukufuku ya Gartner mu 1990, pamene zidaoneka kuti mapulogalamuwa atuluka m'fakitale n'kulowa m'maofesi onse, ngakhale m'mabanki, m'mayunivesite ndi m'maboma momwe.

Zaka za m'ma 1990 ndiye zidali za chipwirikiti. Makampani ambiri adali ndi mapulogalamu akale olemba chaka ndi manambala awiri okha, ndipo padali mantha kuti 1999 ikatha makinawo asokonezeka. M'malo mokonza zakale, ambiri adangoti tigule zatsopano. SAP, Oracle, PeopleSoft, JD Edwards ndi Baan adagulitsa ngati mandasi otentha. Kenaka akuluakulu adayamba kumeza anzawo: PeopleSoft idagula JD Edwards mu 2003, ndipo pasanathe zaka ziwiri Oracle idagula PeopleSoft pa madola oposa 10 biliyoni.

Matayala khumi a lole

Kuti timvetse chimene ERP imachita kwa munthu wogwira ntchito, titsate kugula kumodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Mkulu wa ku galaja akufuna matayala khumi a lole. Kale akadalemba kapepala, n'kukapereka kwa mlembi wa abwana, n'kumadikira. Tsopano akulowa m'sisitimu ndi dzina lake ndi pasiwedi yake, n'kulemba pempho. Asanadzuke pa mpando, sisitimu yayang'ana kale bajeti ya dipatimenti yake. Ngati ndalama za matayala za chaka chino zidatha, pempholo silipita kulikonse, ngakhale iye ndi abwana atakhala kuti amapemphera mpingo umodzi. Ngati zilipo, pempho likuonekera pa kompyuta ya womuyang'anira kuti avomereze. A kogula zinthu atenga makotesheni, asankha wogulitsa, atulutsa LPO, chikalata choitanitsira katundu. LPO ikangotuluka, ndalama zija zaikidwa padera, wina sangazilonjezenso kwa munthu wina.

Patapita masiku galimoto ya wogulitsa yafika. Kalaliki wa kosungira katundu watuluka ndi bolopeni kukhutu, wawerenga, wapeza matayala ndi asanu ndi atatu. Walemba m'sisitimu kuti walandira asanu ndi atatu, GRN, chikalata chotsimikiza katundu wolandiridwa, yatuluka. Sabata yotsatira invoisi yafika ku akawunti, yolembedwa matayala khumi. Wa ku akawunti wailowetsa, ndipo sisitimu yakana kulipira. Pali mapepala atatu amene ayenera kunena chinthu chimodzi: zimene tidaitanitsa, zimene tidalandira, ndi zimene akutilipiritsa. Limodzi likasemphana ndi anzake, ndalama sizituluka mpaka munthu wodziwika dzina atafotokoza chifukwa chake.

Mtima wa ERP uli pamenepa, ndipo chidani cha anthu pa iyo chimayambiranso pomwepa. Ena amadana nayo chifukwa yatseka mpata umene ankadyerapo, zimenezo n'zoona. Koma si onse okana amene ali akuba, ndipo akuluakulu amalakwitsa akamaganiza choncho. Taganizirani kalaliki uja. Kale ankalemba mzere umodzi pa khadi n'kubwerera ku ntchito yake. Lero akuyenera kusankha nambala ya katundu, nambala ya LPO, nambala ya shelefu, tsiku, dipatimenti, zonsezi lole ina ikuliza hutala panja ndipo netiweki ikukoka. Ntchito yake yachuluka. Phindu la zimene akulembazo akuliona ndi munthu wa m'chipinda cha pamwamba amene lipoti lake likutuluka pa mphindi imodzi. Wolemedwa ndi wina, wopepukidwa ndi wina. Bungwe limene silivomereza zimenezi poyera, n'kumuonjezera kalalikiyo mnzake kapena chipangizo chowerengera katundu mwachangu, lidzapeza kuti iye akulembabe pa khadi lake masana, n'kumalowetsa zonse m'sisitimu Lachisanu madzulo. Zikatero buku limodzi lija lasanduka bodza la masiku anayi. M'maofesi ambiri amene adalipira ndalama zankhaninkhani, nambala zimene anthu amazikhulupirira zenizeni zili mu Excel ya munthu mmodzi.

Kumene ntchitoyi imagwera

Ndondomeko yokhazikitsa ERP imadziwika bwino. Bungwe limasankha pulogalamu, limalemba akatswiri a kampani ina kuti adzaikonze mogwirizana ndi ntchito yake, amalemba mmene ntchito iliyonse imayendera, amasamutsa zolembedwa zakale, amayesa, amaphunzitsa anthu, kenaka amayatsa. M'bungwe lalikulu zimenezi zimatenga zaka, ndipo kawirikawiri ndalama za akatswiri aja zimaposa mtengo wa pulogalamu yeniyeniyo. Pa sitepe iliyonse pali dzenje, koma maenje ena amameza anthu kuposa anzake.

Lalikulu kwambiri ndi funso loti asinthe ndani, kampani kapena pulogalamu. Pulogalamu imabwera ndi njira zake zogwirira ntchito zimene opanga adatola m'makampani ambiri. Zina mumangosankha, monga kuti chaka chanu cha ndalama chimayamba mwezi uti kapena kuti oda yoposa ndalama zakuti avomereze ndani. Koma dipatimenti iliyonse imabwera ndi mawu amodzimodzi: ife kuno timachita mosiyana. Akatswiri akamvera aliyense, amayamba kulemba zoonjezera mkati mwa pulogalamu, ndipo choonjezera chilichonse chimafuna kuyesedwa, chimatha kuthyola china, ndipo chidzafuna kulembedwanso pamene opanga atulutsa mtundu watsopano.

Kampani ya magolosale ya Lidl ya ku Germany idaona zimenezi ndi maso. Idayamba ntchito yosamukira ku SAP mu 2011. Malinga ndi zimene zidalembedwa m'nyuzipepala za kumeneko, mbali ina ya vuto idali yakuti Lidl idazolowera kuwerengera katundu wake pa mtengo wogulira, pamene pulogalamuyo idapangidwa kuti iziwerengera pa mtengo wogulitsira. Lidl sidafune kusiya chizolowezi chake, ndiye pulogalamu ndiyo idayenera kupindidwa. Kupinda kudachuluka, mtengo udakwera, ndipo mu 2018, zaka zisanu ndi ziwiri zitapita komanso mayuro pafupifupi 500 miliyoni atalowa, Lidl idasiya zonse n'kubwerera ku sisitimu yake yakale. Sindikunena kuti Lidl idalakwa kukonda njira yake. Mwina njirayo ndi imene imaipatsa mphamvu pa msika. Kulakwa kudali kusayankha funsolo pa chiyambi. Pali zinthu zochepa, mwina ziwiri kapena zitatu, zimene zimasiyanitsadi bungwe ndi anzake, ndipo zimenezo n'zoyenera kuzitchinjiriza ngakhale zitadula. Zotsalazo, monga kalembedwe ka vocha kapena kapemphedwe ka tchuthi, ndi chizolowezi chabe, ndipo pafunika mtsogoleri wolimba mtima wouza mamanejala anzake kuti zimenezo zisiyeni.

Dzenje lina ndi zolembedwa zakale. Ntchito imeneyi ndi yonyozeka, palibe bwana amene amafuna kuitchula pa mwambo wotsegulira, koma ndi imene imapha. Tsegulani kaundula wa ogulitsa wa bungwe lililonse lakale, mudzapeza kampani imodzi yalembedwa katatu: apa ndi dzina lonse, apo ndi chidule, pena ndi chilembo cholakwika, ndipo maakawunti a ku banki ndi osiyana. Simenti yalembedwa pena m'matumba, pena m'makilogalamu. Pa ndandanda ya malipiro pali mayina a anthu amene adapuma kalekale. Kalaliki wakale amadziwa zonsezi pamtima ndipo amazikonza m'mutu mwake osauza munthu. Kompyuta siidziwa, imakhulupirira chilichonse chimene yapatsidwa n'kuchifalitsa m'madipatimenti onse pa kamphindi.

Target, kampani yaikulu ya masitolo ya ku America, idalowa m'dziko la Canada mu 2013 ndi sisitimu yatsopano. Zolembedwa za katundu masauzande ambiri zidalowetsedwa mothamanga: miyeso ina m'mainchi m'malo mwa masentimita, m'lifupi kusinthanitsidwa ndi m'litali, manambala a katundu olakwika. Zotsatira zake, nyumba zosungira katundu zidadzaza mpaka kusowa poika, pamene mashelefu m'masitolo adali mbee. Padalinso zifukwa zina, monga mitengo imene anthu a ku Canada sadakondwere nayo, koma mu January 2015 Target idalengeza kuti ikutseka masitolo ake onse 133 m'dzikolo.

Kenaka pali nthawi. Kampani ya chokoleti ya Hershey idafupikitsa ntchito ya zaka zinayi kuti ithe pa miyezi 30, pofuna kumaliza chaka cha 2000 chisanafike. Idayatsa mapulogalamu atatu akuluakulu pakamodzi pakati pa 1999, nthawi imene maoda a Halloween ndi Khirisimasi amayamba kukhamukira. Chokoleti chidalipo m'nyumba zosungira, koma kampani idalephera kutumiza maoda a madola pafupifupi 100 miliyoni. Nthawi ikachepa, zimene zimadulidwa ndi kuyesa ndi kuphunzitsa anthu, chifukwa ndi zimene zili kumapeto kwa ndondomeko. Kwathu kuno, kampani ya fodya yoyatsa sisitimu yatsopano sabata yotsegulira msika, kapena ya feteleza yoyatsa mu November, ikudziitanira mavuto omwewo. N'chifukwa chake mabungwe ambiri masiku ano amayatsa pang'onopang'ono, nthambi imodzi kapena chigawo chimodzi kaye. Njirayi nayo ili ndi mtengo wake, poti kwa miyezi ingapo anthu amasenza masisitimu awiri, koma ikalakwika imalakwika pa malo amodzi.

Phunziro la ku Capital Hill

Ife Amalawi nkhaniyi tidaiphunzira mowawa, ngakhale ambiri sitidziwa kuti inali nkhani ya ERP. IFMIS, sisitimu imene boma limayendetsera ndalama zake, ndi ERP ya boma. Boma lidaikhazikitsa mu 2005 pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Epicor, potengera zimene a ku Tanzania adachita. Cholinga chidali chomwe chija cha matayala khumi: unduna usalonjeze ndalama zimene ulibe, ndipo cheke chisatuluke popanda mapepala ogwirizana.

Mu September 2013 zinthu zidaphulika. Wogwira ntchito wamng'ono wa ku akawunti adapezeka ndi ndalama zankhaninkhani m'galimoto, mkulu woona za bajeti ku Unduna wa Zachuma adawomberedwa ndi mfuti, ndipo dziko lidaphunzira mawu akuti Cashgate. Akatswiri ofufuza mabuku a Baker Tilly a ku Britain adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira April mpaka September chaka chimenecho. Njira yake inali yotere: anthu ankalowa mu IFMIS, n'kulemba malipiro a makampani amene sadapereke katundu kapena ntchito iliyonse ku boma, cheke n'kutuluka, ndalama n'kutapidwa ku banki, kenaka zolembedwazo n'kufufutidwa m'sisitimu. Mayiko ndi mabungwe othandiza adaimitsa thandizo la bajeti la madola pafupifupi 150 miliyoni, ndipo amene adalipira ndi wodwala amene adapeza chipatala chopanda mankhwala.

Anthu ambiri nthawi imeneyo ankati kompyuta ndi imene yabetsa. Ine ndimakana. Amayi a banki m'khonde amadziwa chinthu chimene Capital Hill idachitaya. Bokosi lawo limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, bokosilo limagona kwa munthu wachinayi, ndipo limatsegulidwa gulu lonse likuona, ndalama n'kuwerengedwa mokweza kuti zifanane ndi za m'kope. ERP yoyendetsedwa bwino imamangidwa chimodzimodzi. Wolembetsa wogulitsa watsopano asakhale yemweyo wolemba malipiro. Wolemba malipiro asakhale wovomereza. Munthu aliyense asakhale ndi mphamvu yofufuta chimene chalembedwa. Cholakwika chikonzedwe polemba mzere wina wotsutsa, onse awiri n'kumaoneka. Ndipo mwezi uliwonse wina afananitse zimene sisitimu ikunena ndi zimene banki ikunena. Cheke chotapidwa ku banki chimene m'sisitimu mulibe chimaonekera pomwepo ngati kufananitsako kukuchitika. Maloko adalipo. Makiyi ndiwo adali m'thumba limodzi, ndipo wowerenga ndalama mokweza padalibe.

Pali kachizolowezi kena kamene kamaoneka ngati kukoma mtima koma kamagwetsa nyumba yonseyi. Abwana akupita ku msonkhano ku Mangochi, ndiye asiyira mlembi pasiwedi yawo kuti ntchito isaime. Mnzako wa tebulo loyandikana akaunti yake yatsekeka, ndiye umubwereka yako. Zikatero sisitimu ikulemba kuti wavomereza ndi uje, pamene uje adali pa nyanja. Akale adati chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Mphamvu yonse ya ERP pa nkhani ya kuba ili pa kutha kutchula njuchi imeneyo, dzina lake, tsiku ndi ola. Pasiwedi ikayamba kuyenda m'manja, mphamvuyo yatha ngakhale pulogalamu itakhala yodula chotani.

Kuyambira mu 2020 boma lidayamba kusamukira ku IFMIS yatsopano yomangidwa pa SAP. Ndi chinthu chabwino, chifukwa yakale idali itakalamba. Koma tisadzinamize kuti dzina la pulogalamu ndi limene liteteze ndalama zathu. Khonsolo ya mzinda wa Birmingham ku England, imodzi mwa makhonsolo akuluakulu ku Ulaya, idachoka pa SAP kupita pa Oracle mu April 2022. Ntchito imene poyamba idayerekezedwa pa mapaundi 19 miliyoni idakwera kufika cha m'ma 100 miliyoni. Adagwirizana kuti atsatira njira za pulogalamuyo, koma pakati pa ulendo adayamba kuipinda kuti ifanane ndi zimene adazolowera. Kufananitsa mabuku ndi banki kudasokonezeka mpaka anthu ankachita pamanja, ndipo kwa nthawi yoposa chaka mbali ya pulogalamu yolemba amene wachita chiyani sidayatsidwe. Mu September 2023 khonsoloyo idalengeza kuti singathenso kukwaniritsa bajeti yake, makamaka chifukwa cha ngongole ya milandu ya malipiro a antchito, koma chisokonezo cha sisitimu chidaonjezera moto. Matenda ake ndi omwewo, kaya ndi ku Lilongwe kaya ndi ku Birmingham.

Kumene zikulowera

Kusintha kwakukulu kwa zaka zaposachedwa n'kwakuti pulogalamu yachoka m'chipinda cha maseva cha kampani n'kupita pa intaneti. Kampani ya NetSuite, imene idayamba mu 1998, idali m'gulu la oyamba kubwereketsa ERP m'njira imeneyi, ndipo Oracle idaigula mu 2016 pa madola 9.3 biliyoni. SAP idatulutsa mtundu watsopano wa pulogalamu yake, S/4HANA, mu 2015 ndipo idauza makasitomala ake kuti chisamaliro cha masiku onse cha mtundu wakale chidzatha mu 2027, choncho makampani masauzande ali pa mzere wosamukanso, ambiri atasenza zoonjezera zimene adalemba zaka makumi awiri zapitazo ndipo amene adazilemba adachoka kalekale.

Pulogalamu yobwereka pa intaneti chonchi, imene amati ya pa cloud, ili ndi ubwino woonekeratu. Simugula maseva, simusaka jenereta yowasunga amoyo, ndipo opanga amaikonza okha. Imachepetsanso chilakolako chopinda, chifukwa eni ake salola kuti mulowe mkati mwenimweni, ndipo ine ndimaona kuti chimenechi ndi chithandizo ngakhale mamanejala amadandaula nacho. Koma kwa bungwe la kuno pali masamu ena ofunika kuwachita mutu uli pansi. Lendi yake imalipidwa chaka ndi chaka, kawirikawiri m'madola kapena m'mayuro. Mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44 pa 100 iliyonse tsiku limodzi, ndipo aliyense amene adali ndi mgwirizano wa m'madola adadzuka bilu yake itatupa popanda kulandira chilichonse choonjezera, osanenanso za kudikira kuti banki ipeze ndalama zakunjazo. Ukalephera kulipira lendi, buku lako lonse lili m'manja mwa wina. Palinso nthambi za kutali. Sisitimu imene imathamanga ku likulu ikhoza kukhala yosagwira ku ofesi ya ku Chitipa kapena ku Nsanje tsiku limene magetsi azima kapena netiweki yadula, ndipo mawu akuti "sisitimu yagwa, mubwere mawa" amagwera munthu amene wayenda mtunda wautali ndi ndalama yobwereka. Wokonza ntchitoyi ayambe wakhala tsiku lathunthu pa nthambi yovutitsitsa asanasaine kalikonse, ndipo alembe pa pepala chimene antchito azichita netiweki ikadula ndi mmene zolembedwa pamanjazo zidzalowere m'sisitimu ikabwerera.

Mabungwe apakatikati ali ndi mwayi umene kale padalibe. Mapulogalamu monga Odoo ya ku Belgium ndi ERPNext ya ku India ali ndi mitundu imene munthu angaitenge popanda kulipira laisensi, ndipo achinyamata athu ophunzira za makompyuta angathe kuikonza. Kusalipira laisensi sikuchotsa ntchito yoyeretsa zolembedwa, kugwirizanitsa madipatimenti ndi kugawa makiyi, koma kumasiya ndalama zambiri m'dziko muno.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi tsiku limene akatswiri obwera aja akwera ndege. Miyezi yoyamba sisitimu itayatsidwa ntchito imayamba yatsika, anthu akuphunzira, zolakwika zikutuluka, ndipo kutseka mabuku kwa mwezi woyamba kumakhala nkhondo. Imeneyo ndi nthawi imene bungwe limafuna anthu akeake odziwa ntchito ya bungwelo komanso odziwa pulogalamu. Anthu amenewa sapezeka mwangozi. Amachokera pa chisankho chowawa chochitika pa chiyambi, chotenga antchito odalirika kwambiri m'dipatimenti iliyonse, omwe aja mamanejala safuna kuwataya, n'kuwachotsa pa ntchito zawo za tsiku ndi tsiku kwa chaka kapena ziwiri kuti akhale pambali pa akatswiriwo. Mabungwe ambiri amatumiza amene alibe chochita, n'kudzadabwa kuti kusintha kalikonse kakang'ono kukufuna kuitana munthu wolipidwa m'madola. Ndipo amene atumiza anthu oyenera akumbukire kuwakonzera malipiro ntchito isanathe, chifukwa wa akawunti wodziwa SAP kapena Oracle amafunidwa ku Johannesburg ndi ku Nairobi, ndipo makampani a kumeneko amayamba kumuimbira foni sisitimu isanayatsidwe n'komwe.